Kodi kukumana ndi anzanga odwala msana kukundichiritsa kapena kukundidwalitsa?

Mayi wina wa ku Mulanje walemba kuti: "Ndili ndi zaka 44 ndipo ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno kwathu. Chichitikireni namondwe wa Freddy, amene anatigwetsera nyumba n'kukokolola mbuzi ndi ziwiya, msana, khosi ndi mutu sizindipatsa mtendere. Kuchipatala anandijambula msana, anandiyeza magazi, shuga ndi BP, ndipo anati sakuona vuto, ndingochepetsa maganizo. Chaka chatha ndinayamba kukumana ndi amayi ena 7 a vuto longa langali. Timakhala pansi pa mtengo wa mango Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, n'kumauzana mmene thupi lachitira sabata imeneyo. Kumeneko n'kumene ndimapeza anthu ondikhulupirira. Koma mkulu wanga akuti gululo ndi limene likundidwalitsa, chifukwa ndikachokako ndimagona Lolemba lonse mpaka kujomba kuntchito. Ndisiye kapena ndipitirize?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ndiyamba ndi yankho, kenako ndifotokoza zifukwa zake. Gululo musalisiye, koma lisapitirize kuyenda mmene likuyendera panopa. Mkulu wanu waona chinthu chenicheni pamene akuti mukachokako mumagona, ndipo inunso mukunena zoona kuti kumeneko n'kumene anthu amakukhulupirirani. Gulu limodzi lomwelo likhoza kumupepuza munthu mumtima kwinaku likumukulitsira ululu m'thupi, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi zimene anthu amachita pa maola amene akhala pamodziwo.

Tisanafike pa gululo, ndiyenera kukhudza mawu amene munamva kuchipatala, akuti sakuona vuto, chepetsani maganizo. Odwala ambiri amene ndimawaona akamva mawu amenewa amabwerera kunyumba ali okhumudwa, poganiza kuti auzidwa kuti akunamizira kapena kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Ululu umene mukumva ndi weniweni, mofanana ndi wa munthu amene wathyoka mkono, chifukwa ululu uliwonse, kaya wa bala kaya wobwera ndi nkhawa, umapangidwira mu ubongo. Mitsempha ya m'thupi imangotumiza uthenga wakuti pakutipakuti pachitika chinthu, ndipo ubongo ndi umene umaweruza ngati chinthucho chili choopsa, n'kutulutsa ululu wolingana ndi ngozi imene ukuiona. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti mu mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa msana muli ngati chipata chimene chimatha kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono, ndipo uthenga wotsika kuchokera ku ubongo uli m'gulu la zinthu zimene zimachitsegula kapena kuchitseka. Mantha, kusowa tulo ndi chisoni zimachitsegula. Mu 2020 bungwe la akatswiri a ululu padziko lonse, International Association for the Study of Pain, polembanso tanthauzo la ululu linasunga mfundo yakuti munthu akhoza kumva ululu wofanana ndi wa kuvulala ngakhale palibe mnofu kapena fupa limene lawonongeka.

Ganizirani galu wa pakhomo amene usiku wina anaona akuba akuthyola khola. Usiku umenewo kuuwa kwake kunali kothandiza. Koma pali agalu ena amene chichitikireni zimenezo amauwa tsamba likagwa, amauwa mwana wa pakhomo pomwepo akamatuluka kukataya madzi, ndipo pabanja sagonanso tulo. Kuuwako n'kwenikweni, aliyense akukumva, kungoti wakuba palibe. Thupi lanu linaona ngozi yeniyeni mu Malichi 2023, pamene mvula ya masiku angapo inagumula mapiri, n'kupha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri a iwo m'maboma a kummwera kuno monga Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Akuluakulu anakumbukira Napolo wa ku Phalombe wa 1991. Munthu amene anathawa madzi usiku, namva miyala ikugubuduzika kuchokera kuphiri, thupi lake limaphunzira kukhala tcheru: minofu ya m'khosi ndi ya m'mapewa imakhala yokungika, tulo timakhala tapamwamba, mvula ikangoyamba kugunda pa malata mtima umathamanga. Zikapitirira miyezi yambiri, mitsempha yonyamula ululu imayamba kumva msanga, moti kuwerama kumene kale kunali kwa masiku onse kumayamba kuwawa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndandanda wake watsopano wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, limazindikira ululu wopitirira miyezi 3 wopanda chovulala choufotokoza monga matenda paokha.

Komabe sindikufuna kuti mawu akuti nkhawa aphimbe matenda ena amene kuno kwathu ndi ofala. Ngati mukuonda popanda chifukwa, mukutuluka thukuta usiku, thupi likutentha pafupipafupi, kapena malo amodzi a msana akuwawa kwambiri usiku ngakhale mutagona phee, bwererani kuchipatala, chifukwa chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana. Ngati miyendo ikufooka, mukumva dzanzi pakati pa ntchafu, kapena mkodzo ndi chimbudzi zayamba kutuluka zokha kapena kukanika, imeneyo ndi ngozi yofunika kupita tsiku lomwelo. Kwa amayi a msinkhu wanu, kupweteka kwa m'chiuno kophatikizana ndi kutaya magazi mosayembekezereka kumafuna kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko amene imavuta kwambiri. Ndipo musaiwale kuti dengu la tiyi kumsana, kuwerama tsiku lonse pa mizere yotsetsereka, mtolo wa nkhuni ndi ndowa ya madzi pamutu, zonsezi zimatopetsa minofu mwa izo zokha. Kawirikawiri ntchito ndi nkhawa zimayendera limodzi: ntchito imayambitsa kuphwanya, ndipo nkhawa imakuletsa kutha. Zimene ndikunena pansipa ndikuzinena poganiza kuti zizindikiro zoopsazo mulibe.

Ubwino wa gulu lanu sindikuukayikira. Ululu wosaoneka umamupatula munthu. Wothyoka mwendo amayenda ndi chikhakha ndipo aliyense amamupatsa mpando, koma wodwala msana wopanda chilonda amamva kapitawo akuti ndi ulesi, apongozi akuti ndi kudzikonda, mwina ndi bambo a kunyumba atatopa ndi madandaulo. Kusakhulupiriridwa kotereku kumawonjezera nkhawa, ndipo nkhawa imatsegula chipata chija. Tsiku limene munthu wamva mnzake akufotokoza ndendende zimene iye amamva, kukokana kwa khosi, mutu wolemera ngati wasenza mtondo, kudzuka 2 koloko usiku tulo osabweranso, mantha akuti mwina ndili ndi matenda achilendo amene madokotala alephera kuwapeza amachepa. Kumeneko n'kuchira kale, ngakhale pang'ono.

Dera lathu lino lili ndi umboni wakuti odwala akagwirizana amathandizana. Ku Thyolo, bungwe la madokotala othandiza m'mayiko osiyanasiyana la MSF mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo linakhazikitsa timagulu ta anthu amene amamwa ma ARV, amene amasinthana kupita kuchipatala kukatengerana mankhwala, potsatira njira imene inayambira ku Tete m'dziko la Mozambique mu 2008. Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi munthu wovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, chimene ife timati kuganiza kwambiri. Pa kafukufuku wa anthu 573 mu mzinda wa Harare, amene anasindikizidwa mu 2016, patapita miyezi 6 anthu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse amene anakhala pa benchiyo anali adakali ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 aliwonse mwa amene sanalandire thandizolo. Kafukufukuyo anali wa nkhawa ndi kukhumudwa, sanali wa msana, koma phunziro lake likukhudza gulu lanu mwachindunji. Agogo aja sankangomvetsera madandaulo. Ankamuthandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi limene angalikwanitse, ndi kupangana chimene akachite asanabwerenso. Akafika pa benchi maulendo angapo, anthuwo ankalowa m'magulu amene ankaluka zikwama za mapulasitiki akale n'kumagulitsa. Timagulu ta ku Thyolo nato tili ndi ntchito yodziwika, yotenga mankhwala ndi kuonetsetsa kuti aliyense akumwa. Magulu onsewa ali ndi chochita chimene chimamukankhira munthu kubwerera ku moyo wake wa masiku onse.

Apa ndi pamene ndikuona kuti gulu lanu lasiyana nawo, ndipo ndikhalapo nthawi chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mwalemba kuti mumauzana mmene thupi lachitira sabata imeneyo. Kuti munthu akhale ndi choti akanene Lamulungu, amayenera kulisuzumira thupi lake sabata yonse, kukumbukira tsiku limene khosi linakokana, ola limene mutu unayamba, mbali imene dzanzi linadutsa. Ubongo umakulitsa chimene munthu akuchiyang'anitsitsa. Inu nomwe mukudziwa kuti pa chinkhoswe kapena pa maliro, pamene manja ali pa miphika ndipo maganizo ali pa alendo, msana umaiwalika mpaka madzulo. Msonkhano umene mutu wake ndi ululu wokhawokha umachita zosiyana ndi zimenezo: kwa maola awiri kapena atatu anthu 8 amaloza maganizo awo onse pa malo owawa. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Amanda Rose, analemba mu 2002 za chizolowezi cha mabwenzi amene amakambirana vuto limodzi mobwerezabwereza osafika pa chochita. Anapeza, pakati pa ana ndi achinyamata, kuti chizolowezichi chimalimbitsa ubwenzi, koma chimayenderanso limodzi ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochuluka. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi zimene mwafotokoza: mumawakonda anzanuwo, mumachokako mtima utakhutira, koma Lolemba thupi limakana kudzuka.

Chachiwiri ndi mawu amene amayenda m'gulu. Wina akabwera n'kunena kuti anamuuza kuti mafupa ake adyeka, kapena kuti msana wake watha, kapena kuti mayi wina wa kumudzi kwawo anayamba choncho mpaka analumala, mawuwo samathera pansi pa mtengo wa mango. Aliyense amapita nawo kunyumba, ndipo akawerama kuti akolezere moto n'kumva kuwawa, amakumbukira mayi wolumala uja. Madokotala amadziwa kuti munthu amene akuyembekezera kupweteka amamvadi kupweteka kwambiri, monga mmene woyembekezera kuchira amapepukidwira ngakhale ndi mankhwala opanda mphamvu. Ndipo mawu akuti mafupa adyeka nthawi zambiri amachokera pa kusamvetsa zithunzi za kuchipatala. Mu 2015 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za anthu oposa 3,000 amene anajambulidwa msana ndi makina amphamvu alibe ululu uliwonse, ndipo anapeza kuti 37 pa 100 aliwonse a zaka 20 anali kale ndi zizindikiro za kuperepeseka kwa timapilo ta pakati pa mafupa a msana, pamene pakati pa a zaka 80 anali 96 pa 100 aliwonse. Anthu onsewa msana sunkawapweteka. Kusintha kumeneku kuli ngati imvi, kumabwera ndi zaka, ndipo pakokha sikutanthauza kuti munthu alumala.

Mantha akalowa, chotsatira chake ndi kupewa. Munthu amasiya kuwerama, amasiya kupita kudimba, amatuma ana kukatunga madzi, amagona masana kuti msana upume. Kwa tsiku limodzi kapena awiri kupuma kumathandiza, koma kukakhala kwa masabata minofu imafooka, mfundo zimauma, tulo ta usiku timasokonekera, ndalama zimachepa chifukwa masiku ojomba sawerengedwa pa sikelo, ndipo nkhawa ya ufa ndi fizi imabwera kudzawonjezera pa ija ya namondwe. Tsiku limene wayesa kugwiranso ntchito thupi lofookalo limawawa kuposa kale, ndipo iye amati zatsimikizika, ndine wodwaladi. Akatswiri a ku Ulaya Johan Vlaeyen ndi Steven Linton anafotokoza mwatsatanetsatane mu 2000 kuzungulira kumeneku kwa mantha, kupewa ndi kulumala. Gulu la anthu okondana likhoza kukulimbikitsa mosadziwa, chifukwa mawu achifundo amene amabwera msanga pakamwa ndi akuti musadzivutitse, kagoneni, ntchitoyo ikuphani.

Pali chinanso chimene anthu sachiona msanga. Amene apeza bwino nthawi zambiri amasiya kubwera, chifukwa abwerera ku geni yawo kapena kumunda, ndipo m'gulu mumatsala amene akuvutikabe. Wobwera kumene akayang'ana amaona anthu amene adwala zaka zambiri, n'kuganiza kuti matendawa sachiritsika, pamene ochira alipo, kungoti sakukhala nawo pamphasapo. Choopsa kwambiri n'chakuti ngati chimene chimamupatsa munthu malo m'gulu ndi kudwala, kuchira kumayamba kuoneka ngati kutaya abwenzi. Ndaonapo amayi amene sabata imene apeza bwino amachita manyazi kunena, poopa kuoneka ngati akunyoza anzawo kapena ngati ankanamizira poyamba. Sindikunena kuti munthu amasankha kudwala kuti asataye anzake. Ndikunena kuti mtima wa munthu umaopa kukhala wokha kuposa mmene umaopera kuwawa kwa msana, ndipo gulu labwino liyenera kumutsimikizira aliyense kuti malo ake alipo ngakhale atachira.

Za mankhwala ndinene mosapita m'mbali. M'magulu otere anthu amagawana mapiritsi, wina Brufen, wina Indocid, wina Diclofenac wogula pa golosale. Mankhwala amenewa akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba, amawononga impso ndipo amakweza BP, ndipo kumwa awiri a mtundu umenewu nthawi imodzi kumawonjezera ngoziyo. Ngakhale Panado, munthu wa mutu akamamwa masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi kwa miyezi ingapo, mankhwalawo amatha kukhala gwero la mutu wosatha. Chimodzimodzi nkhani zakuti matenda osaoneka pa makina ndi olodzedwa. Ndimalemekeza chikhulupiriro cha anthu ndipo pemphero limatonthoza ambiri, koma munthu akayamba kukhulupirira kuti m'bale wake kapena mnzake wa pamzere ndi amene wamuponyera matenda, galu uja sagonanso, chifukwa tsopano mdani ali pakhomo penipeni.

Ponena za Lolemba lanu, pangakhalenso chifukwa china chosavuta. Ngati mumakhala pamphasa mutatambalala miyendo kwa maola atatu, mutachoka kale pa benchi la m'tchalitchi pamene munakhalanso maola awiri, msana wa munthu aliyense ukhoza kuuma. Komanso ngati pa misonkhanoyo mumabwereza nkhani ya usiku wa namondwe mwatsatanetsatane, madzi mmene anafikira, kukuwa kwa ana, amene anapezeka ndi amene sanapezeke, thupi limaukhalanso usikuwo ndipo limatopa ngati lathamangadi. Kunena zimene zinakuchitikirani kwa anthu okukondani n'koyenera, koma kuzibwereza sabata ndi sabata popanda munthu wophunzitsidwa wokuthandizani kuzidutsa kumatha kutsegula bala m'malo molipoletsa. Ngati mumalota madzi, mumadzidzimuka mvula ikagunda, kapena mumapewa njira yodutsa kumtsinje, zimenezo zimafuna namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo zipatala za boma za m'maboma, kuphatikizapo Mulanje ndi Thyolo, zimakhala ndi ogwira ntchito imeneyi. Kuonana nawo sikutanthauza kuti mukutumizidwa ku chipatala cha amisala ku Zomba.

Ndiye gululo mulisinthe bwanji? Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho poti ndinu mwafunsa, ndinu amene mukayambitse nkhaniyi kwa anzanu, mwaulemu, osawaimba mlandu. Mukhoza kuwauza kuti mwaona kuti Lolemba limakuvutani, n'kuwafunsa ngati iwonso zimawachitikira. Ndikukhulupirira kuti mupeza ena ovomereza. Kenako pemphani kuti msonkhano uziyamba ndi funso lina. M'malo mofunsana kuti thupi lachita bwanji, muzifunsana kuti sabata ino mwakwanitsa chiyani chimene munkachiopa. Wina adzati ndinafika kuchigayo wapansi, wina adzati ndinalima mizere 5, wina adzati ndinagona mpaka tambala woyamba. Zimenezi zikamveka pagulu zimaphunzitsa ubongo wa aliyense kuti kuyenda ndi kuwerama sikuvulaza. Nthawi yodandaula ikhalepo ndithu, chifukwa sabata ina imakhala yowawa ndipo munthu ayenera kumvedwa, koma ikhale ndi malire, mwina mphindi 5 aliyense, ndipo izitha ndi funso lakuti pa zimene mwanenazi n'chiti chimodzi chimene tingachitepo kanthu Lamulungu lisanafike. Nthawi zambiri mudzapeza kuti pansi pa kuwawa kwa msana pali ngongole ya katapila, mwana amene wabwezedwa kusukulu, denga limene likudonthabe, kapena mkangano wa m'banja, ndipo zimenezi anthu 8 akhoza kuzigwirira limodzi.

Musamakhale pansi nthawi yonse. Yambani ndi kuyenda limodzi mphindi 15 kapena 20, imbani nyimbo imene imafuna kuwomba m'manja ndi kugwedeza thupi, tambasulani manja ndi khosi. Gulu likhale ndi ntchito ya manja kapena ya ndalama, kaya chipereganyu, kaya banki m'khonde, kaya dimba la masamba, kaya kuthandizana kuumba njerwa za amene nyumba zawo sizinathe, kuti chokumanitsa chikhale choposa matenda ndipo wochira akhale ndi chifukwa chobwererabe. Amene anapeza bwino n'kusiya, pitani mukawaitane adzafotokoze mmene anachitira. Gwirizanani kuti simugawana mapiritsi ndiponso kuti nkhani ya matenda oopsa a munthu amene palibe amene anamuona isamakambidwe. Ndipo kamodzi pa miyezi ingapo pemphani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, namwino, kapena wa fizo, wothandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, ngati alipo pa chipatala chimene muli nacho pafupi, adzakhale nanu kuti ayankhe mafunso amene akhala akuzungulira m'gulu popanda woyankha.

Ndili ndi chifukwa chokhulupirira kuti kuchotsa mantha kumachepetsa ululu weniweniwo. Ku Boulder, m'dziko la America, akatswiri anachita kafukufuku wa anthu 151 a msana wosatha, amene anasindikizidwa mu 2021. Gawo lina la anthuwo linaphunzitsidwa kwa masabata 4 kuti ululu wawo ukuchokera ku ubongo wokhala tcheru, ndiponso mmene angaumvere popanda kuuopa kwinaku akuchita zimene ankazipewa. Pomaliza, 66 pa 100 aliwonse a gawo limeneli analibe ululu kapena unatsala wochepa kwambiri, poyerekeza ndi 20 pa 100 mwa amene anabayidwa jakisoni wopanda mankhwala, ndi 10 pa 100 mwa amene anapitiriza chithandizo chawo cha masiku onse. Anthu amenewo anali ndi alangizi ophunzitsidwa, ululu wa ambiri unali wapakatikati, ndipo sankasenza dengu la tiyi, choncho sindikukulonjezani ziwerengero zomwezo. Koma mfundo yake ndi yomwe ija: munthu akasiya kuwona kuwawa kulikonse ngati chizindikiro chakuti msana ukuthyoka, kuwawako kumayamba kutsika.

Kwa inu panokha, Lolemba likubwerali musagone tsiku lonse ngakhale thupi litalemera. Dzukani pa nthawi yake, thowani khosi ndi msana ndi madzi ofunda, yendani pang'ono, ndipo ngati mungathe pitani kuntchito, mukumawongoka ndi kutambasula msana pafupipafupi komanso kukhuthula dengu lisanadzaze kwambiri pamene zikutheka. Masiku amene mwapeza bwino musabwezere ntchito zonse za sabata tsiku limodzi, chifukwa zimenezo n'zimene zimagwetsa anthu mawa lake, onjezerani pang'onopang'ono. Usiku mukadzuka mtima ukuthamanga, pumani mpweya pang'onopang'ono, kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka, kwa mphindi zingapo. Tulo tikapitiriza kuvuta, kauzeni a chipatala, chifukwa pali mankhwala monga amitriptyline amene pa mlingo wochepa amathandiza ena pa ululu wokhalitsa ndi tulo, koma ayenera kulembedwa ndi dokotala amene akudziwa za mtima wanu ndi mankhwala ena amene mukumwa. Ndipo ngati tsiku lina inu, kapena wina wa m'gulumo, ayamba kunena kuti kuli bwino kungofa, zimenezo musazisunge ngati chinsinsi cha gulu. Muperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asakhale yekha.

Mkulu wanu musamutenge ngati mdani wa gululo. Iye ndi amene amakuonani Lolemba, pamene anzanu aja amakuonani Lamulungu lokha, choncho ali ndi mbali ya nkhani imene iwo alibe. Mupempheni kuti akuthandizeni kulemba m'kope, kwa masabata 6 mutasintha kayendetsedwe ka msonkhano, zinthu zitatu zokha: masiku amene mwapita kuntchito, mmene mwagonera, ndi mapiritsi amene mwamwa. Kukula kwa ululu musakulembe, chifukwa kumeneko n'kubwerera ku kulisuzumira thupi. Ngati masiku a ntchito akuchuluka ndipo mapiritsi akuchepa, gululo likukuthandizani. Ngati anzanu akana kusintha ndipo Lolemba likadali lomwe lija, muzipita kamodzi pamwezi, n'kusankha mmodzi kapena awiri amene mumamvana nawo kuti muziyenda nawo madzulo. Mukadzabwerera kuchipatala mudzatenge kopelo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo mudzanene poyambirira pomwe kuti ululuwu unayamba pambuyo pa namondwe, kuti wokuonaniyo adziwe poyambira.